Ulendo wa Pansi Wokafuna Manda

Nkhani iyi idayamba ngati ntchito ya m'kalasi. Mphunzitsi wathu wa mbiri yakale kuno ku Zomba anatiuza kuti aliyense alembe mzere wa makolo ake kufikira mibadwo inayi, osati kuchokera m'mabuku koma kuchokera pakamwa pa anthu akwawo. Anzanga ambiri anaseka, nati imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Inenso ndinaseka nawo, pakuti kwathu, m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu m'boma la Lilongwe, agogo anga akazi akali moyo, ndipo ngakhale maso awo adachita khungu pang'ono, mutu wawo ngwakuthwa kuposa wa ambiri a ife amene timagona ndi mabuku.

Ife Achewa mtundu timautsata kuchikazi. Mwamuna amabwera pamudzi ngati mkamwini, ndipo zikavuta amanyamula khasu lake ndi mphasa yake nabwerera kwawo. Koma mkazi ndiye tsinde. Amabadwira pamudzi, kuberekera pamudzi, ndipo tsiku lake likakwana amakagona m'manda a pamudzi pomwepo, pambali pa amayi ake ndi agogo ake. Tsono nditafika kumudzi pa tchuthi, ndinakhala pansi ndi kope langa, agogo nayamba kundiwerengera anthu athu mmodzimmodzi. Sankangotchula dzina lokha ayi. Ankanenanso mtengo umene munthuyo adagona pansi pake: uje ali patsinde pa mkuyu, uje ali chakumadzulo kwa mbawa ija idathyoka ndi mphepo. Anafika mpaka kwa agogo awo a iwo eni, amene adamwalira kusanabwere msewu wa galimoto kudera kwathu.

Koma amayi awo owabala anawalumpha. Nditawakumbutsa, anangoti, "Amayi adapita kukasuma chaka cha njala, osabwerako." Atatero anayamba kundifunsa ngati kusukulu amatipatsa nsima yokwanira.

Mawu amenewa si koyamba kuwamva. Tonse tidakula tikudziwa kuti agogo adasiyidwa ali ndi zaka 7, m'chaka cha njala ya 1949, ndi kuti adaleredwa ndi amalume awo. Koma tsopano ndinali nditawerengako pang'ono. Buku la Megan Vaughan lonena za njala imeneyo, lomwe lidatuluka mu 1987, likuonetsa kuti idaluma kwambiri kummwera, makamaka m'madera ozungulira Blantyre, ndipo anthu a kumeneko ndiwo ankayenda mitunda italiitali kukasaka chakudya. Nanga mayi wa ku Mitundu, wosiya mwana wamng'ono pakhomo, adapita kukasuma kuti yekhayekha, amuna a pamudzi alipo? Ndinakafunsa amalume anga, amene ndiwo mwinimbumba wathu tsopano. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, ofukula zokwirira ndi afisi. Lemba zimene wapatsidwa."

Ndikadakhala mwana womvera, nkhani ikadathera pomwepo.

Usiku wachitatu, anthu onse atapita kukagona, ndinatsala ndi agogo pamoto m'khitchini. Iwo amanditcha amuna awo, monga agogo amachitira ndi zidzukulu zawo zazimuna, ndipo kawirikawiri mawu amenewo amabwera ndi nthabwala. Usiku umenewo panalibe nthabwala. Anasonkheza moto, nati, "Amuna anga, tsekani kope lanulo." Nditatseka anandiuza kuti amayi awo sadapite kukasuma. Adayamba ndi mawanga oyererako pamsana ndi pamkono, mawanga osayabwa, osapweteka. Kenaka tsiku lina adaphula mphika pamoto ndi manja, osamva kuti akupsa. Agogo sanatchule dzina la nthendayo. Anangoti "nthenda yaikulu ija", koma ndinadziwa kuti akunena khate.

Pamudzi adawamangira kakhumbi kunja, cha kudambo, nawapatsa mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo. Chakudya ankachisiya pachitsa. Mwana sankaloledwa kufikako. Agogo akuti masiku amenewo munthu wa nthendayi akamwalira sankamuika m'manda pamodzi ndi anzake, poopa kuti adetsa nthaka, ndipo akuluakulu ankanong'onezana kale za chimene adzachite tsikulo likadzafika. Ndiye kudabwera mphunzitsi wina wa mpingo wa Aroma wochokera ku Likuni, nanena kuti kutsidya kwa mapiri a Dedza, ku Mua, kuli mudzi kumene amasunga odwala otere ndi kuwapatsa mankhwala. M'bandakucha wina, amalume awo a agogo adatenga mlongo wawoyo nanyamuka naye. Adamperekeza mpaka pa mtsinje wa Diamphwe, namlozera njira, iwo n'kubwerera. Patapita miyezi ingapo adauza mudzi kuti uthenga wafika woti wamwalira. Adalira maliro opanda mtembo, nameta, nagwirizana kuti ana adzauzidwa za kusuma.

Ndinafunsa ngati alipo wina wa kwathu amene adakaonako manda awo. Agogo anapukusa mutu. "Ndikadakhala ndi miyendo ndikadapita ndekha. Koma inu mukapita, musakwere galimoto. Mukakwera mukafika musanadziwe kutalika kwake."

Ndiyenera kuulula kuti sindinanyamuke ndi mtima woyera wokhawokha. Theka la mtima wanga linkamvera chisoni agogo, koma theka lina linkaganiza za malikisi amene ndidzapate ndi nkhani yotere, ndi m'mene anzanga adzandisirire. Ndine wa mpingo wa CCAP, ndipo kwathu maulendo opita kumalo oyera sitiwadziwa kwenikweni. Ndinkaganiza kuti ndikupita kukafufuza basi. Kuti ulendowo unali wa mtundu wina ndinazindikira ndili kale panjira.

Ndinanyamuka mu Julayi 2024, nthawi ya chisanu. M'chikwama ndinaika bulangeti, botolo la madzi, kope, mtedza ndi chimanga chokazinga chimene agogo anandikonzera, ndiponso kalata ya a mfumu athu yonena kuti ndine yani ndipo ndikupita kuti. Tsiku loyamba ndinadzera njira za njinga zodutsa m'minda yokololedwa kale, phiri la Bunda likucheperachepera kumbuyo kwanga, mpaka ndinatulukira pamsewu waukulu pa Nathenje. Ndinali wonyada. Ndinkayenda mothamanga ngati munthu amene akukatenga ngongole yake, ndipo anyamata a kabaza akamandiitana ndinkawakana mokweza kuti onse amve.

Tsiku lachiwiri ndinadutsa pa Kamphata, pamene msewu wa ku Nkhoma umapatukira, ndipo dzuwa litapendeka ndinafika pa mlatho wa Diamphwe, malire a Lilongwe ndi Dedza. Ndinatsikira kumadzi ndi kukhala pamwala. Amayi ankachapa, ana ankasambira, magalimoto ankalilima pamwamba. Panalibe chilichonse chosonyeza kuti pamalo ano munthu adasiyana ndi mlongo wake. Ndinayesa kuganiza kuti adatsanzikana bwanji. Kodi adagwirana chanza? Ndikukayika. Kodi mwamunayo adacheuka? Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene chinandizizira m'mimba: ine ndine mwana wamwamuna woyamba wa amayi anga, ndipo mpando umene munthu uja adakhalapo, wosunga alongo ndi ana awo, tsiku lina udzakhala wanga. Ndinabwera pamtsinjepo kudzamuweruza, koma ndinachokapo ndikudzifunsa kuti ine ndikadatani, mudzi wonse uli ndi mantha, mankhwala kulibe, ndipo ana ena a mbumba akuyang'ana kwa ine.

Usiku umenewo ndinagona kwa mfumu ina kufupi ndi Chimbiya. Atawerenga kalata yanga anandipatsa mphasa m'nyumba ya anyamata, ndipo akazi awo anabwera ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Atandifunsa cholinga cha ulendo, ndinati ndikukaona manda a agogo ku Mua. Anandifunsa kuti munthu wa ku Mitundu adakafera bwanji kutali chonchi. Ndinayankha kuti adapita kukasuma chaka cha njala. Mawuwo anatuluka okha, mosavuta, ngati madzi otsika m'ngalande imene adaikumba kale. Ndinagona ndi manyazi. Ine wophunzira, amene ndinanyamuka kukathetsa bodza, ndinali nditalinyamula m'chikwama ndi kuligawira anthu a m'njira.

Tsiku lachitatu miyendo inayamba kundiphunzitsa. Nsapato zanga zinali zabwino poyendera pakati pa nyumba yogona ndi laibulale, koma osati pa phula la mtunda wautali. Pofika ku Linthipe zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza, ndipo lina linaphulika. Ndinkayenda motsimphina, kuponda ndi m'mbali mwa phazi, kupuma pamthunzi uliwonse. Mayi wina wogulitsa tomato ataona kayendedwe kanga anandiitana, nandikhazika pambali pa benchi lake, natuma mwana kukatenga madzi ofunda othira mchere. Pamene ndinaviika mapazi ndinakuwa ngati mwana. Mayiyo anaseka, nati, "Lirani achimwene, phazi lomva kuwawa ndi lamoyo."

Iye ankangocheza, koma mawuwo anandilasa. Ndisananyamuke ndinali nditawerenga za khate, ndipo zimene ndinawerengazo zinali zitangokhala m'mutu ngati za mayeso. Nthendayi imayamba ndi kachilombo kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, adakaona koyamba mu 1873. Si ya kumtundu, si ya ufiti, ndipo si yapafupi kutenga: anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse matupi awo amakagonjetsa okha kachilomboko. Kamatha kukhala m'thupi zaka zisanu, pena mpaka 20, zizindikiro zisanaoneke. Ndipo zala sizimangothothoka monga tinkauzidwira tili ana. Chimene kachilomboko kamaononga ndi mitsempha yomvera. Dzanja kapena phazi likasiya kumva, munthu amapsa osadziwa, amaponda minga osadziwa, chilonda chimakula iye akuyendabe nacho, kufikira fupa lomwe litadyeka.

Tsono taganizani. Ine thuza limodzi linandiimitsa, linandikakamiza kusintha kapondedwe, linandipezera madzi a mchere ndi chifundo cha munthu wosamudziwa. Iwo adayenda njira yomweyi opanda nsapato, msewu usanaikidwe phula, ndipo ngati mapazi awo anali atayamba kale kufa monga manja, panalibe chowauza kuti imani. Mwina ankaona magazi pafumbi asanadziwe kuti ndi awo. Ndiponso ndani akadawaitana kuti adzaviike mapazi m'beseni lake? Ine ndinali ndi kalata ya a mfumu. Iwo kalata yawo inali pakhungu, ndipo aliyense woiwerenga ankatseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuwerengera makilomita m'kope. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo pena ndinkapezeka ndikulankhula nawo chamumtima, kuwauza kuti apa pali chitunda, apa tipume.

Tsiku lachinayi ndinadutsa m'mphepete mwa mapiri a Chongoni, kumene kuli mapanga a zojambula zakale, ofiira a Akafula ndi oyera a makolo athu Achewa, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Sindinapatuke kukaona, mapazi sakadalola. Ndinangoyang'ana mapiriwo ndi kuganiza kuti anthu a mtundu wanga adadziwa kusunga pamwala zimene ankafuna kuti zidzukulu zidzaone. Kuiwala kwathu sikudachokere m'kusadziwa kusunga. Ku Dedza ndinafika madzulo, mphepo yozizira ikutsika m'phiri, ndipo ndinagona kwa mnzanga wa kusekondale amene anandibwereka masokosi awiri ndi kundinena kuti ndapenga. Kutacha ndinapitirira mpaka ku Bembeke, kwawo kwa mbatata ya kachewere ndi kabichi, kumene nkhungu imakhala pansi mpaka dzuwa litakwera. Kumeneko wina atandifunsanso za ulendo wanga, ndinameza malovu ndi kunena zoona: agogo awo a amayi anga adadwala khate, ndipo ndikukafuna pamene adagona. Munthuyo sanathawe. Anangoti pepani, nandilongosolera njira yachidule yotsikira ku Mganja.

Kutsika phiri kunandipweteka kuposa kukwera. Njira ndi ya miyala, yokhotakhota, ndipo maondo amanjenjemera. Koma pamalo ena mitengo inatseguka ndipo ndinaona chigwa chonse chili phee pansi panga, ndi nyanja ikunyezimira kutali. Munthu wobadwira ku Mitundu nyanja amangoimva. Ndinaima nthawi yaitali poganiza kuti mwina iwonso adaima pompano, naona madzi aakuluwo koyamba m'moyo wawo, popanda wina womuuza kuti taonani. M'mene ndinkatsika, chisanu chinkatha, thukuta linayamba, ndipo mitengo ya malambe inayamba kuoneka. Ndinagona ku Mganja, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa lisanafike pamutu, ndinalowa mu Mua. Mwa kuwerengera kwanga ndinali nditayenda makilomita pafupifupi 130.

Mishoni ya Mua adaiyambitsa ansembe a chipani cha White Fathers mu 1902, ndipo mudzi wa odwala khate udatsegulidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1920. Masiku ano alendo ambiri amapitako kukaona malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndi zigoba za gule wamkulu zosungidwa m'nyumba ya Chamare. Ine zonsezo ndinazidutsa ngati sindikuziona. Ndinalunjika ku ofesi ya parishi, fumbi lili mpaka m'maondo.

Bambo wina wachikulire amene amathandiza pa ofesipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandiuza mwaulemu kuti mabuku a ubatizo si nyuzi yoti aliyense wodutsa atsegule, pakuti muli maina a anthu amene ana awo ali moyo. Anatenga kalata yanga, nati ndibwere mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinagona masiku awiri kwa banja lina lachifundo, ndipo tsiku lachitatu bamboyo anandiitana. Iye mwini ndiye ankatembenuza masamba, ine ndikuyang'ana chapambali. Anali mabuku aakulu, mapepala ake ofiirira ndi ukalamba, mitu ya mizere yolembedwa m'Chilatini. Tinayamba ndi 1949, osapeza kanthu. Mtima unagwa, pakuti ndinaganiza kuti mwina sadafike n'komwe, adathera m'phiri lija. Tinapitirira 1950. Kenaka m'chaka cha 1951 chala cha bamboyo chinaima.

Linali dzina lawo, ndi dzina la bambo awo, ndi dzina la mudzi wathu lolembedwa mokhota pang'ono monga mlendo adalimvera. Patsogolo pake panali dzina latsopano limene adalandira pa ubatizo. Maina amenewa sindiwalemba pano, chifukwa agogo sanandipatse chilolezo. Ndinasangalala kwambiri kotero kuti sindinaone msanga chimene bamboyo ankandilozera m'mphepete mwa tsambalo, pamene dzanja lina, ndi inki ina, lidalembapo kamtanda ndi chaka cha imfa. Chakacho chinali 1967.

Ndinawerengera ndi zala ngati mwana wa sitandade 1. Zaka 18. Kwathu adameta maliro awo mu 1949, koma iwo adakhala ndi moyo zaka zina 18, pamtunda umene ine, wa miyendo ya m'kalasi, ndinauyenda sabata imodzi. M'zaka zimenezo mwana wawo adatha msinkhu, adavinidwa, adakwatiwa, nabereka ana atatu. Dziko lidalandira ufulu mu 1964 iwo ali moyo. Amalume anga, aja adandiuza za afisi, adabadwa agogo awo akupuma mpweya kuseri kwa phiri. Bamboyo anatsegulanso masamba ena nandionetsa dzina lomwelo kasanu, m'zaka zosiyanasiyana, pamzere wa mayi waubatizo. Munthu amene kwawo sankaloledwa kukhudza mwana wake, kuno anthu ankamupatsa ana awo kuti awanyamule pamaso pa mpingo.

Anandilozera kwa gogo wina wa m'mudzi wapafupi, amene makolo ake onse awiri anali odwala ndipo iye adakulira komweko. Nditatchula dzina la ubatizo lija ndi kwawo, anaomba m'manja. Anati ankawadziwa, anali mayi wamtali, wa mawu aakulu, woweta nkhuku zambiri, ndipo zala za kudzanja lamanja zinali zitatha. Anati anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ana ankaseka nacho: mtsikana aliyense wamng'ono ankamuitana ndi dzina limodzi lomwelo, ngakhale amuuze kangati dzina lake lenileni. Ndinafunsa dzinalo. Analitchula. Linali dzina la paubwana la agogo anga, limene pamudzi pathu amalidziwa ndi anthu osapitirira atatu.

Gogoyo anandiuzanso kuti atabwera mankhwala a mapiritsi, ambiri adachira ndipo ena adabwerera kwawo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndinawerenga: kale ankabaya odwala mafuta a mtengo wa chaulmoogra, amene ankapweteka kwambiri koma osathandiza kwenikweni, kufikira mankhwala a dapsone atayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Mayi athuwo adali mmodzi wa ochira. Adatuma munthu wina wa ku Lilongwe amene ankabwerera kwawo kuti akanene kumudzi kuti nthenda yatha, akufuna kubwera. Munthuyo adadzabweranso ndi yankho. Gogoyo sankadziwa mawu ake, koma ankakumbukira kuti mayiwo adakhala masiku atatu osatuluka m'nyumba, ndipo kuyambira pamenepo za kwawo sadazitchulenso.

Madzulo mdzukulu wa gogoyo anandiperekeza kumanda akale. Mitumbira yambiri idafafanizika, mitanda yamitengo idadyeka ndi chiswe, ndipo panalibe wodziwa kuti iwo ali pati. Ndinavula nsapato. Mapemphero a Aroma sindiwadziwa, ndipo a kwathu anandithawa. Ndinangochita monga tichitira pofika pakhomo pa munthu wamkulu: ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndi kunena kuti odi, ndine mdzukulutuvi wanu, mwana wa mwana wa mwana wanu uja, ndachokera kumudzi, tachedwa. Sindinamve liwu lililonse, ndipo sindinaone chizindikiro. Mbuzi zinkadya chapafupi. Ndinakhala pomwepo mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Pobwerera ndinakwera minibasi yodzera ku Salima, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali ku Lilongwe. Njira yonse ndinkalimbana ndi funso limodzi: kodi gogo wa zaka 82 ndikamuuze kuti amayi ake adali moyo mpaka iye atabereka ana atatu? Ndinaganiza zobisa chakacho, ndingonena kuti manda ndawapeza, adaikidwa bwino ndi mapemphero. Ndinaona kuti umu ndi m'mene bodza loyamba lija lidabadwira, mwa munthu wofuna kuteteza mwana.

Tinakhalanso pamoto awiriwiri. Ndinawauza za Diamphwe, za matuza, za nyanja, za nkhuku, za ana asanu a ubatizo. Nditafika pa dzina lija ankaitanira atsikana, agogo anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinadikira. Kenaka, mawu akunjenjemera, ndinatchula chaka. Sanadzidzimuke. Anachotsa chitenje kumaso nati, "Ndinkadziwa, amuna anga."

Anati anali namwali wa zaka ngati 16 pamene mlendo wina adafika pamudzi nakhala ndi amalume awo kuseri kwa khola. Iwo ankapita ndi madzi akumwa ndipo adamva zonse. Adamva amalume akuti, "Kauzeni kuti maliro tidalira kale, tidameta. Mwana wake ali ndi mbeta yomufunsira, asamuonongere." Masiku amenewo agogo anga aamuna anali atangotumiza ankhoswe. Ndani akadalola mwana wake kukalowa chikamwini pakhomo pa wakhate? Agogo adaika chikho pansi, nabwerera kukasinja. Sadanene kanthu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ngakhale chaka chotsatira. "Ndinkati ndikabereka ndidzapita. Nditabereka ndinkati mwana akayenda. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, mwambi umenewu ndimaudziwa, ndipo ndakhala ndikuuza ana anga. Koma ine ndidasankha banja."

Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe. Banja limene adasankhalo ndi limene lidabala amayi anga, amayi anga nabala ine. Chikhala kuti mtsikana uja adaponya chikho pansi nakuwa kuti amayi anga abwere, mwina ukwati ukadatha, ndipo wolemba nkhani ino sakadakhalapo. Ndinapita kukafufuza mlandu wa anthu akale, ndipo ndinapeza kuti phindu la mlanduwo ndikudya ndine. Sindingawaweruze agogo, komanso sindinganene kuti palibe chidalakwika, pakuti ndidagwada pamanda opanda dzina ndipo ndikudziwa amene adalipira.

Lero khate limachizika. Kuyambira mu 1981 bungwe la WHO lidalangiza zophatikiza mankhwala angapo, amene munthu amamwa miyezi 6 kapena 12, ndipo amaperekedwa ulere. Woyamba kumwa mankhwalawa amaleka kupatsira ena. Dziko lathu lidafika mu 1994 pa muyeso woti nthendayi si vuto lalikulunso, koma odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, ndipo ena amafika kuchipatala mochedwa, zala zitapindika kale, chifukwa cha manyazi omwe aja amene adatseka pakamwa pa mbumba yathu zaka 75. Ngati wina mwa inu owerenga ali ndi m'bale amene adapita kukasuma osabwerako, kapena adapita ku Joni nangosowa, kapena amangotchulidwa monong'ona, ndikuti funsani akuluakulu akali moyo. Koma funsani mutatseka kope, ndipo konzekani kumva dzina lanu lomwe m'nkhaniyo.

Ntchito ya m'kalasi ija ndinapereka mochedwa, ndipo anandichotsera malikisi. Pamzere wa mbadwo wachinayi ndinalemba maina awo onse awiri, ndi zaka zoona. Amalume atamva anakwiya, ndipo miyezi iwiri sanandiyankhe moni. Koma pa Khirisimasi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nandifunsa motsitsa mawu kuti minibasi yopita ku Mua ndi ndalama zingati, ndiponso ngati munthu wokalamba angathe kuyenda kuchokera pamsewu kukafika kumandako. Ndinawauza kuti ndi pafupi, ndipo pali njinga za kabaza. Anangogwedeza mutu. Tsiku sanatchule, ndipo ine sindinawaumirize. Agogo okha ndiwo ayamba kale kusunga nkhuku yoyera, akuti ndi ya gogo uja adawasungira dzina lawo.